Amalume anga ankavala diresi pa msika wa Milepa

Tsiku limene ndinawakana amalume anga linali la msika. Munali mu 2009, ndili sitandade 7, ndipo ine ndi anzanga atatu tinali titazemba maphunziro a masana kuti tikaone za pa Milepa. Ng'oma tinaimva tisanafike n'komwe pa kaunjika. Anthu anali atapanga bwalo, ana kutsogolo, azimayi a tomato atasiya malonda awo m'manja mwa Mulungu. Pakati pa bwalolo panali mayi wina wamtali, wa mapewa ngati a onyamula matumba pa chigayo, atavala diresi ya maluwa ndi duku, chitenje m'chiuno. Ankamulalatira mwamuna wake woledzera, koma ng'oma ikangolira ankaiwala mkwiyo wonse n'kuyamba kudula chiuno. Anthu anali kufa nalo phwete.

Mnzanga wina anandigunda ndi chigongono. "Aise, si amalume ako awo?"

Ndinayang'ana mapazi a mayiyo. Zala zotambalala, chikhadabo chakuda cha chala chachikulu chimene khasu linaphwanya kalekale. Mapazi amenewo ndinkawadziwa ngati anga omwe.

"Ayi," ndinatero. "Angofanana."

Madzulo ake amalume anadutsa kwathu atasamba, atavala malaya awo a kolala, mzimbe uli m'manja. Anandidulira mfundo ziwiri n'kunena kuti, "Ndinakuona, mphwanga. Tsiku lina uzibwera kutsogolo, kumbuyo suona mapazi." Mzimbewo ndinadya, koma sunanditsekemere.

Kuti mumvetse manyazi angawo, kumbukirani kuti kwathu kuno amalume si munthu wamba. Ife ndife Alhomwe, ndipo mlongo wa mayi ako ndiye mwini mbumba. Ukwati ukavuta amaitanidwa ndi iyeyo. Malire a munda akasuntha usiku amakaima pamaso pa amfumu ndi iyeyo. Ndiye mayi anga ankadandaula mosabisa. "Achimwene, mwini mbumba n'kumavala diresi pagulu? Mawa mukakamba mlandu adzakumverani ndani?" Iwo ankangoseka. "Chemwali, adzandimvera. Anazolowera kale kundimvera."

Gule wawo woyamba anali tchopa. Anaphunzira kwa agogo aamuna ali kamnyamata, nthawi imene gule ameneyu ankavinidwa pothokoza mizimu zokolola zikachuluka, kapena popempha mvula ikakana. Amene simunaonepo tchopa: ovina amavala zikopa ndi nthenga, ena atabereka mitolo ya makasu akale, zidole ndi ziwiya zotha ntchito, ndipo amazungulira bwalo akupingasana, ng'oma zitatu zikulira. Mu 2014 a UNESCO ataika tchopa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, ndinawauza amalume mokondwa. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nde atitumizira zingati?"

Koma za zisudzo anazitenga ku Blantyre, ndipo nkhani ya mmene anazitengera ndinaimva mwina ka 50.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ankagwira ntchito yonyamula katundu mu sitolo ina ku Limbe. Loweruka lina mnzawo wa kuntchito anawakoka kuti akaonere sewero ku French Cultural Centre, ku Chichiri kuja. Ndalama ya tikiti inali ya ndiwo za masiku angapo, moti anayenda wapansi kupita ndi kubwera. Sewero linali la gulu la Wakhumbata, ndipo mwini wake, Du Chisiza Jr., anali pa siteji.

Amalume sukulu analekeza sitandade 6. Sewero linali la Chingerezi. "Mawu ndinkangotola limodzilimodzi ngati nkhuku pa mtondo," ankatero. "Koma thupi, mphwanga, thupi lake silinkayankhula Chingerezi." Chimene chinawagwira mtima sikunali kudumpha kapena kufuula. Kunali kuima. Akuti pakati pa phokoso lonse, munthu uja anangoima, osagwedeza ndi chala chomwe, maso ali pa malo amodzi, ndipo holo yonse inati zii, mpaka kumveka mpando wa munthu wina ukulira kumbuyo. Iwo anali atakulira pa tchopa, pamene wovina akaima ndiye kuti watopa kapena ng'oma yang'ambika. Sankadziwa kuti munthu ungathe kuwagwira anthu mazana osachita kalikonse. Usiku umenewo, pobwerera ku Limbe, akuti anaima pansi pa getsi la mumsewu n'kuyeserera, mpaka mlonda wa pa geti ina anawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Anthu a msinkhu wanga dzina la Du timalimva ngati la msewu kapena la holo, choncho ndinene pang'ono za munthuyo. Bambo ake anali Dunduzu Chisiza, mmodzi mwa atsogoleri achinyamata amene anamenyera ufulu wa dziko lino limodzi ndi Kamuzu Banda. Anafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe, msewu wa ku Zomba, mu Sepitembala 1962, Du ali m'mimba. Mwanayo anabadwa mu Malichi 1963 n'kupatsidwa dzina la bambo amene sanawaonepo. Mu 1967 bambo ake aakulu, Yatuta Chisiza, anaphedwa chakumalire a ku Mwanza atalowa m'dziko ndi mfuti kudzalimbana ndi boma. Ndiye tangoganizani kukula ndi dzina la Chisiza m'Malawi wa chipani chimodzi. Silinali dzina loyenda nalo mopepuka.

Zisudzo anayamba ali ku sekondale ku HHI ku Blantyre, kumene sewero lake la The Deceased's Attack linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale. Kenako anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, ku America, ndipo mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Chachilendo cha gululi chinali chakuti linkafuna kuti zisudzo zikhale ntchito, yoti munthu adzuke m'mawa n'kunena kuti ndikupita kokayeserera sewero ngati mmene wina amanenera kuti ndikupita ku ofesi. Analemba masewero oposa 20, ena mwa iwo Fragments, Papa's Empire, Tatuya Futi ndi Democracy Boulevard. Ndipo nthawi ya Kamuzu sewero lililonse linkayamba ladutsa m'manja mwa a Censorship Board lisanaonetsedwe. Apa mpamene ine ndimaona kuti kuima kuja sikunali luso chabe. Woyang'anira akhoza kudula mzere pa pepala ndi cholembera chofiira, koma kukhala chete sangakudule, poti pa pepalapo sikuoneka. Anthu a nthawi imeneyo anali akatswiri omva zimene sizinanenedwe.

Kenako mu 1993, chaka cha referendamu, Du analowa m'boma la MCP n'kukhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe. Amalume nkhani imeneyi sankaikonda. "Munthu amatiuza ndi maso kuti nyumba ikupsa, kenako yekha akalowa m'nyumba momwemo n'kukhala pa sofa," ankatero, n'kulavula. Ine ndinkagwirizana nawo ndili wamng'ono. Pano ndakula, ndalipirapo lendi, ndipo sindifulumiranso kuweruza munthu amene ankadyetsa gulu lonse ndi ndalama za pakhomo m'dziko limene anthu amapempha kulowa ulere ngakhale pa sewero la m'bale wawo. Sindikuti anachita bwino. Ndikungoti mpando wa unduna ndi siteji zonse ziwiri zinali pa dzina limene anabadwa nalo, ndipo anayesa kukhala pa zonse. Unduna sunakhalitse, MCP itagwa mu 1994, ndipo anabwerera ku zisudzo. Anamwalira mu Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Mayi amati tsiku limene wailesi inalengeza, amalume anabwerera pa njira ya kumunda n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, khasu lili pa miyendo. Munthu anamuona kamodzi kokha, ali mpando wa kumbuyo.

Nthawi imeneyo n'kuti atabwerera kale kumudzi. Ntchito ya ku Limbe itatha, anasonkhanitsa anyamata asanu n'kuyamba gulu lawo. Diresi ija inabwera chifukwa cha kusowa. Panalibe kholo kapena mwamuna amene akanalola mwana wake wamkazi kapena mkazi wake kuyenda ndi anyamata a zisudzo m'misika, ndiye wina anayenera kukhala mkazi, ndipo anyamata enawo ankachita manyazi. Amalume anabwereka diresi ya azakhali ena n'kuyamba kuphunzira. Ankakhala pa mjigo nthawi yaitali akuonerera mmene azimayi amatulira ndowa, mmene amamangira chitenje akakwiya ndi mmene amachimangira akamapita kutchalitchi. Amati n'zosiyana. Ndinadzayang'ana ndekha, n'zoonadi.

Ankasewera pa misika, pa sukulu, pa Paper Sunday. Ndalama inali ya m'chipewa. Kenako matenda aja atavuta m'boma lathu la Chiradzulu, kunabwera mabungwe ofuna magulu a zisudzo kuti azifalitsa uthenga wa kuyezetsa magazi ndi kumwa mankhwala. Ntchito imeneyo anaigwira ndi mtima wonse, poti awiri mwa anyamata ake asanu aja anali atawaika m'manda. Koma ankadandaula chinthu chimodzi. Anthu a mabungwe ankabwera ndi mfundo zolembalemba, n'kumawerenga ngati zonse zatchulidwa. Amalume akaima chete pakati pa sewero, mayi uja atangomva zotsatira za magazi ake, wina wovala tisheti ankayang'ana wotchi n'kuwakodola kuti apitirize. "Safuna sewero amenewa," ankatero. "Akufuna chikwangwani choyenda." Malipiro ake tisheti, botolo la Fanta ndi ya thiransipoti. Koma ndikudziwa azimayi awiri a m'mudzi mwathu amene anakayezetsa chifukwa cha mayi wa diresi ya maluwa uja, ndipo onse ali moyo, wina ali ndi zidzukulu.

Masewero awo onse ankawalemba m'makope a ana asukulu. Analipo 11, m'sutikesi ya pansi pa bedi, pamodzi ndi diresi ndi duku.

Ine ndinapita ku sekondale, kenako ku Blantyre, ndipo za amalume ndinkazikamba ngati nthabwala ya pa mowa. Chimene chinanditembenuza n'chochititsa manyazi pang'ono: anachita kundiuza ndi azungu. Usiku wina mu 2022, bandulo ya usiku ili pafupi kutha, ndinakumana pa foni ndi chithunzi chakale cha mwamuna wa nkhope yoonda, nsidze zokwera, atavala diresi. Dzina lake Dan Leno, wa ku England, wa nthawi ya Mfumukazi Victoria. Anabadwa mu 1860 m'banja losauka la anthu a zisudzo, ndipo anayamba kuonekera pa siteji ali kamwana. Poyamba anatchuka ndi kuvina, gule wogogoda pansi ndi nsapato za matabwa amene ankakondedwa ndi anthu ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo mu 1880 anapambana mpikisano waukulu wa gule ameneyu. Kuyambira 1888, Khirisimasi iliyonse ankasewera ku Drury Lane ku London, kawirikawiri ngati mayi wachikulire wovutika ndi moyo, ndipo mu 1901 anaitanidwa kukasewera pamaso pa Mfumu Edward VII. Mutu unadzamusokonekera chakumapeto, n'kumwalira mu 1904 ali ndi zaka 43. Nakonso kumeneko masewero ankayamba apatsidwa chilolezo ndi ofesi ya boma, ndipo lamulo limenelo linathetsedwa mu 1968, chaka chomwecho chimene ife kuno tinakhazikitsa lathu. Zinthu zina ukaziwerenga umangoseka wekha mumdima.

Wovina amene anasanduka wazisudzo, mwamuna wovala diresi, woseketsa anthu ndi mavuto a mayi wosauka. Ndinakhala tsonga pa bedi. Munthu ameneyu ndinkamudziwa, ndinali nditamukana pa msika. Kusiyana kwake n'kwakuti za Dan Leno zinalembedwa m'mabuku, zithunzi zake zilipo, ngakhale mawu ake anajambulidwa, moti patatha zaka zoposa 100 mnyamata wa ku Milepa akumupeza pa foni ali ku Ndirande. Nanga zathu? Gertrude Kamkwatira, amene anatsogolera Wakhumbata Du atamwalira n'kudzayambitsa gulu lake la Wanna-Do, anapita mu 2006. John Nyanga, Izeki uja, mu 2016. Mnzake Jakobo, Eric Mabedi, mu 2021. French Cultural Centre imene amalume anaimirira pa mzere inaphwasulidwa ndi akuba mu 2011 eni ake atachokamo. Awa ndi otchuka, a mu tauni, a pa wailesi, koma yesani kufufuza sewero lathunthu la Du pa YouTube muone mmene mutopere. Ndiye wa pa msika wa Milepa angatsale pati?

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinapita kumudzi n'kuwaonetsa chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataitalikitsa poti maso anali atayamba kuvuta.

"Ameneyu anavinira mfumu?"

"Eya, amalume. Mfumu ya ku England."

"Diresi yake njabwino kuposa yanga," anatero. "Koma taona manja akewo. Mzimayi wotopa saika manja choncho."

Tsiku lomwelo anatulutsa sutikesi ija. Aka kanali koyamba kuti andionetse makope aja. Zolemba zawo zinali zopendekera, za bolopeni ya buluu, ndipo m'mphepete munali timizere ndi timitanda. Ndinafunsa kuti timitandato n'chiyani. "Pamenepo mpoima," anatero. Masamba ena anali ndi timitanda tambiri kuposa mawu. Kenako anandipempha, mwaulemu ngati akupempha kwa mkulu wawo, kuti ndiwatayipire pa laputopu yanga kuti zisadzatayike. Ndinawerenga makope aja ndi maso, 11, n'kuganiza za ntchito imene inkandidikira ku tauni. Ndikanatha kuwatenga m'chikwama. Ndikanatha kungojambula masamba ndi foni, ntchito ya masana amodzi. Ndinati, "Ndidzabwera pa Isitala, amalume, tidzakhale pansi bwinobwino."

Namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023, Isitala isanakwane. Mvula inagwa masiku osalekeza, ndipo Chiradzulu linali limodzi mwa maboma amene analira kwambiri. Kwathu sitinataye munthu, ndipo ndikudziwa kuti pali mabanja amene angandiuze kuti ndikulira makope pamene iwo anakumba ana awo m'matope. Ali ndi chifukwa. Koma khoma la chipinda cha amalume linagwa usiku, iwo atathawira kwa mayi, ndipo sutikesi inakhala pansi pa dothi ndi madzi masiku anayi. Ataitsegula, makope anali phala. Inki inali itasungunuka n'kudetsa diresi ija, maluwa ake onse buluu.

Sanandidzudzule. Ndikanakonda akanandilalatira ngati mmene mayi wa pa msika uja ankamulalatirira mwamuna wake. Pa foni anangoti, "Zinali m'mutu zisanapite pa pepala, mphwanga. Zikadali momwemo." Koma m'mutumo munali mutayamba kutayikira. Shuga anali atawafooketsa, ndipo nthawi zina ankayamba nkhani ya sewero lina n'kumalizira lina.

Mu Ogasiti chaka chomwecho ndinapita ndi kope latsopano. Tinakhala masiku atatu pansi pa mtengo wa mango, iwo akunena, ine ndikulemba. Tinapulumutsa masewero awiri ndi theka. Ndikawawerenga pano ndi nkhani wamba: mwamuna woledzera, mkazi wopirira, apongozi olowerera. Ukawapatsa munthu amene sanawaonepo amalume angadabwe kuti anthu ankasiyiranji tomato wawo. Timitanda tija ndinayesa kuwafunsa kuti tiziika pati, koma anati sangadziwe atakhala pansi, mpaka ataimirira.

Ndiye tsiku lachitatu ndinawapempha kuti aimirire. Mayi, omwe aja a "mwini mbumba n'kumavala diresi," analowa m'nyumba osanena kanthu n'kutuluka ndi duku wawo wa kutchalitchi. Anawamanga okha kumutu achimwene awo, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati wakhala bwino. Mdzukulu wina anagubuduza chigubu n'kuyamba kuomba. Amalume anavina pang'ono, mapazi okha, chiuno chitakana. Kenako analowa m'sewero la mayi uja wobwera kuchipatala ndi kapepala m'manja. Anayenda masitepe anayi, n'kuyang'ana kapepalako, n'kukweza maso kuyang'ana ku phiri. Anaima.

Foni yanga inali yodzadza ndi zithunzi za pa ukwati wa mnzanga ndi mavidiyo a pa WhatsApp. Pamene ndimamaliza kufufuta kuti ipeze malo, kuvina kunali kutadutsa. Inajambula masekondi 47 n'kudzadzanso.

Anamwalira mu Juni 2024. Pa maliro panabwera anthu ambiri kuposa amene tinaphikira, ena ochokera ku Namitambo, ena sitinkawadziwa n'komwe. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndine mphwawo wa malemu. Ndinati eya, ndine, mokweza kuposa mmene funsolo linkafunira.

Vidiyo ija ndinaitumiza pa gulu la WhatsApp la abale. M'masekondi 47 amenewo muli bambo wokalamba wovala duku, ataima pansi pa mango, kapepala m'manja, osagwedezeka. Chigubu chasiya kulira. Ukamvetsera bwino umamva nkhuku kuseri kwa nyumba ndi mpweya wa mayi anga pafupi ndi foni. Msuweni wanga wa ku Joni anayankha patangotha mphindi ziwiri: "Man, tumizaninso, vidiyoyi yaima."